Nzimbe si zimene zimadwalitsa ana matenda a shuga

M'madera a Chikwawa ndi Nsanje mumamveka mphekesera yakuti mwana wodwala matenda a shuga anadya nzimbe zambiri, ndiponso kuti angapatsire anzake akamadyera limodzi phala kusukulu. Zonsezi n'zabodza. Ana ambiri odwala shuga amakhala ndi mtundu woyamba wa matendawa, umene umayamba thupi likasiya kupanga insulini (amene amathandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga wa m'magazi), ndipo sumapatsirana. Mwana wa ku Nchalo amene sanalawepo nzimbe angathe kudwala ndithu.

Bodza loopsa kwambiri ndi lakuti mwana wotere asalawe chotsekemera ngakhale pang'ono. Mwana wobaya insulini akachedwa kudya kapena akathamanga kwambiri, shuga amatsika m'magazi, ndipo amanjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka. Pamenepo mphunzitsi amupatse msanga madzi osungunuliramo shuga, kenako chakudya. Akakomoka, asamwetsedwe kanthu koma athamangire naye kuchipatala.

Kuno kuchigwa, kumene mu Okutobala kumatentha kupitirira madigiri 40, mwanayo aziloledwa kumwa madzi ndi kupita kuchimbudzi popanda kumukayikira, ndipo insulini wake azisungidwa pozizira chifukwa kutentha kumamuwononga.