Za jakisoni wa ubongo amene mukumufunayo

Abale anga, sabata ino yokha anthu atatu andifunsa za "jakisoni wobweza nzeru za agogo" amene akuti anamuona pa WhatsApp, ndiye ndatopa nazo, bola ndingolemba pano.

Pali pomwe nkhaniyi inachokera. Ku Wales mu 2013 anayamba kubaya okalamba katemera wa mashingozi, koma malire anali tsiku lobadwa: obadwa pa 2 September 1933 kapena pambuyo pake ankabayidwa, achikulire kuposa pamenepo ayi. Ofufuza a ku Stanford atawatsata zaka 7 anapeza kuti chiopsezo cha matenda oiwalaiwala aja timati dementia chinatsika ndi pafupifupi 20 pa 100 mwa obayidwawo. Paja kachilombo ka katsabola sikachoka m'thupi, kamabisala m'mitsempha n'kudzadzuka ngati mashingozi munthu atakalamba. Koma mvetsetsani, nkhani yake ndi yoteteza, katemera sabweza nzeru zomwe zapita kale, komanso sali m'gulu la akatemera aulere a kusikelo kwathu kuno. Amasungidwa mufiriji, ndiye amene akuyenda naye m'chikwama pa njinga yamoto mumsika wa Ulongwe dzuwa lili phwee akukubayani chani?

Mpaka pano mtima umandiwawa ndikakumbukira agogo ena ochokera cha ku Tsangano. Anayamba kusochera pochoka kudimba, kuitana zidzukulu ndi mayina a anthu omwalira, usiku kutuluka panja, anthu n'kuyamba kunong'onezana zaufiti. Mwana wawo, munthu wokonda mayi ake ndithu, anagulitsa matumba a kachewere kulipira munthu wa majakisoni uja. Anafika nawo kwa ife kuchipatala kuno patatha miyezi iwiri, thako litatupa mafinya, BP ili m'mwamba, dzanja lamanzere likulendewera, chitenje akuwamangira ndi mdzukulu. Sitiroko imeneyo, ndipo mapilitsi a BP analipo pompano nthawi yonseyi.

Gogo akasokonezeka mwadzidzidzi, pakamwa papotoka kapena mawu sakumveka, bwerani naye tsiku lomwelo, musayambe mwadzera kwa asing'anga, nthawi zina ndi malungo kapena shuga basi. Matuza a mashingozi akatuluka mbali imodzi ya thupi musapake phulusa, mankhwala a acyclovir amagwira bwino mukayamba kumwa pasanathe masiku atatu, ndipo tidzakupemphani kuyezetsa HIV, musakhumudwe nazo.