Magazi a kafukufuku sagulitsidwa

Mphekesera yoti ofufuza za HIV amatenga magazi kukagulitsa yakhalitsa, koma si yoona. Magazi ochepa amene amatengawo amapita ku labotale kukayeza kuchuluka kwa kachirombo ndi chitetezo cha m'thupi.

Ndipo anthu a m'dera amakhala ndi mawu. Pamakhala gulu la alangizi, momwe muli mafumu, atsogoleri a mipingo ndi anthu amene ali ndi kachiromboka, lofunsa mafunso ovuta m'malo mwa anzawo. Makomiti a COMREC kapena NHSRC, oonetsetsa kuti kafukufuku akulemekeza ufulu wa anthu, amayamba avomereza kafukufukuyo. Wolowa kafukufuku amasaina mwa kufuna kwake, ndipo akhoza kusiya tsiku lililonse.

Mabanja a ku Lilongwe ndi Blantyre analowa kafukufuku wa HPTN 052, amene mu 2011 anaonetsa kuti kuyamba msanga ma ARV kumachepetsa kupatsirana kachirombo ndi 96 peresenti.