Golide wa ku Joni ndi mkangano wa chiyambi cha zinthu

Amalume anga ndi mtchona weniweni. Anabwera ku Joni ndi Wenela ali mnyamata, ndipo pamene Kamuzu analetsa kutumiza anthu kumigodi mu 1974, ndege itagwa ku Francistown, iwo anangotsalira konkuno. Lamlungu lina tili mu takisi kumwera kwa mzinda, tikudutsa milu yachikasu ya dothi la m'migodi ija, anandikodola. "Mphwanga, paja iwe umawerenga zasayansi. Golide tinkakumba uja anachokera kuti?"

Ndinawayankha kuti anapangika m'nyenyezi zomwe zinaphulika kapena kugundana kalekale. Yankho limenelo ndi lophweka. Funso lovuta lili pansi pake: nanga zomwe nyenyezizo zinapangira golide zinachokera kuti?

Pakati pa atomu ya golide, kachidutswa kake kochepetsetsa, pali tizidutswa tina totchedwa ma proton, tokwana 79, ndi ma neutron, tokwana 118. Onse pamodzi amatchedwa ma baryon, ndiye atomu iliyonse ili nawo 197. Phwanyani mwala, usungunuleni, chitani chilichonse chomwe migodi ya kuno yakhala ikuchita kuyambira 1886, chiwerengero cha ma baryon sichisintha. Ngakhale m'makina akuluakulu ogundanitsa tizidutswa ta atomu, baryon watsopano amabadwa ndi mnzake wotsutsana naye, wa antimatter, ndipo awiriwa akakumana amafafanizana n'kusanduka kuwala. Apa ndi pogona nkhani. Ngati pachiyambi zonse zinkabadwa ziwiriziwiri, zikanathana zonse, osatsala golide, nyenyezi kapena amalume. Komatu zinatsala: pa ma baryon pafupifupi biliyoni imodzi omwe anafafanizidwa, mmodzi anasowa womufafaniza.

Woyamba kuyala bwino mlanduwu anali Andrei Sakharov, mu 1967, yemwe uja anathandiza dziko la Soviet Union kupanga bomba la hydrogen kenako n'kudzalandira mphoto ya Nobel ya mtendere mu 1975. Iye anati payenera kukhala njira yosinthira chiwerengero cha ma baryon, chilengedwe chiyenera kukondera mbali imodzi pakati pa zinthu ndi antimatter, ndipo zichitike pa nthawi yomwe zinthu sizinakhazikike, chifukwa pokhazikika chilichonse chopangidwa chimabwezedwanso.

Njira yosinthirayo inapezeka mosayembekezeka. Mu 1976 Gerard 't Hooft anaonetsa kuti masamu omwe asayansi anali nawo kale amalola chiwerengerocho kusintha, kungoti mwayi wake pozizira ngati lero ndi wochepa moti simungazione ngakhale mutadikira zaka zonse za chilengedwe. Taganizani za zigwa zambiri zolekanitsidwa ndi mapiri. Chilengedwe chili m'chigwa chimodzi, ndipo chikawolokera m'chigwa china ma baryon amawonjezeka kapena kuchepa ndi atatu, pamodzi ndi ma lepton atatu, a mtundu wa electron ndi neutrino. Frans Klinkhamer ndi Nicholas Manton mu 1984 anawerengera msinkhu wa mpata wa paphiripo, pafupifupi 10 TeV (muyeso wa mphamvu ya tizidutswa), n'kuutcha sphaleron, mawu a Chigiriki onena chinthu chomwe chatsala pang'ono kugwa. Chaka chotsatira ku Moscow, Kuzmin, Rubakov ndi Shaposhnikov anati: nanga kukatentha kwambiri? Pamene chilengedwe chinali chitangokhala gawo limodzi mwa magawo 100 biliyoni a sekondi, kutentha kunali koposa madigiri 1,000,000,000,000,000. Pakati pa dzuwa pamangofika 15 miliyoni. Pozizira kuwoloka kumatheka pongoboola phiri, koma pa moto wotere palibe chifukwa choliboola, mumangolumpha pamwamba, uku ndi uku, kambirimbiri.

Chomwe ndimachikonda pa nkhaniyi n'chakuti khomo lomwelo lolowetsa ndi lotulutsanso. Sphaleron ikhoza kupanga ma baryon, ikhozanso kusesa omwe analipo kale. Choncho mkangano wonse unasamukira pa funso la momwe khomolo linatsekekera, pa nthawi yomwe mphamvu ya magetsi inasiyana ndi mphamvu yofooka ya m'kati mwa atomu, chinthu chodzaza ponseponse chotchedwa Higgs chitayamba kupatsa tizidutswa kulemera.

Amalume ndinawafotokozera za kusiyana kwa mphamvu ziwirizi ndi mphika. Madzi akamawira amachita thovu, ndipo pali malire oonekeratu pakati pa madzi ndi nthunzi. Koma phala likamalimba kukhala nsima, ndani angaloze mphindi yomwe lasiya kukhala phala? Kuti ma baryon atsale pankafunika kuwira kwa thovu: kunja kwa thovu ma sphaleron akugwira ntchito, khoma la thovu likukondera mbali imodzi, ndipo m'kati khomo latsekeka msanga zopindulazo zisanasesedwe. Anaseka, n'kunena kuti nsima ya ufa wa kuno imalimba mwadzidzidzi kuposa ya mgaiwa wakwathu. Pamenepo sindinatsutse.

Zaka za m'ma 1990 zinali zamakani. Glennys Farrar ndi Shaposhnikov mu 1993 ananena kuti kukondera komwe kukudziwika kale m'ma quark, tizidutswa topanga ma proton ndi ma neutron, kungakwanire. Gavela ndi anzake anawerengeranso mu 1994 n'kupeza kuti n'kochepa kutalitali. Kenako mu 1996 Kajantie, Laine, Rummukainen ndi Shaposhnikov yemweyo, pogwiritsa ntchito makompyuta, anaonetsa kuti thovu limatheka pokhapokha Higgs ikhale yopepuka, yosapitirira cha m'ma 80 GeV (ma GeV 1,000 ndi TeV imodzi, ndipo muyesowu amayezeranso kulemera ndi kutentha). Ine ndimamupatsa ulemu Shaposhnikov ameneyu, poti anathandiza kugwetsa nyumba yomwe anaimanga yekha. Pa 4 July 2012 ku CERN, malo a makina ogundanitsa tizidutswa aja pafupi ndi Geneva, analengeza kuti Higgs yapezeka, yolemera 125 GeV. Kunalibe thovu. Kunali phala lolimba pang'onopang'ono pa kutentha kwa pafupifupi 160 GeV, ma sphaleron n'kudzasiya ntchito cha pa 130.

Joni si mlendo pa zimenezi. Asayansi a ku yunivesite ya Wits, ku Braamfontein, ndi a ku University of Johannesburg ali m'gulu la ATLAS, limodzi mwa magulu awiri omwe anaona Higgs ija.

Lero anthu agawikana. Ena akuti pali tizidutswa tina tosadziwika tomwe tinachititsa kuti kuwire ndithu, ndipo ngati n'choncho kugundana kwa thovulo kunasiya mafunde omwe makina a LISA, oti adzaponyedwe m'mlengalenga m'zaka za m'ma 2030, angadzawamve. Ena amatsata Fukugita ndi Yanagida, omwe mu 1986 anati kusiyanako kunayambira mwa ma lepton kale kwambiri, sphaleron inangosandutsa gawo lina kukhala ma baryon, ngati wosintha ndalama pa Beitbridge. Ine ndimapendekera kwa achiwiriwa, ngakhale kuwayesa n'kovuta zedi. Gulu la CMS ku CERN, linzake la ATLAS lija, linasakasaka sphaleron yeniyeniyo m'zogundana za 13 TeV, ndipo mu 2018 linanena kuti silinaipeze.