Mkangano wa ku Vietnam pa mathero a nthano ya Tấm ndi Cám

Mu 2011 manyuzipepala a ku Vietnam anadzaza ndi mkangano wa nthano, makolo ndi aphunzitsi kukokanakokana chifukwa buku la sukulu la giredi 10 linali litadula mathero a nkhani ya Tấm ndi Cám, nthano yoti mwana aliyense kumeneko amakula akuidziwa.

Nkhani yake ndi ya mwana wamasiye. Tấm amakhala ndi mayi omupeza komanso m'bale wake Cám, mwana wa mayiwo, ntchito zonse ndi zake, ngakhale kansomba kamene amaweta pachitsime akumakagawira mpunga wake anamuphera nkudya. Akakhala pansi kulira pamatulukira Bụt, gogo wachifundo amene kwenikweni ndi Buddha mmene anthu akumudzi amamuonera, nkumufunsa kuti ukuliranji mwana wanga. Kenako za chikondwerero, nsapato yotayika, mfumu kumukwatira. Koma siithera pa ukwati ayi. Tsiku lokumbukira imfa ya bambo ake mayi aja anamutuma kukwera mtengo kukathyola zipatso za nsembe, iwo pansi nkuudula, Tấm kufa, Cám nkukalowa m'malo mwake kunyumba ya mfumu. Tấm anabweranso ngati mbalame anamupha, anamera ngati mtengo anaudula nkupangira chowombera nsalu, chimenecho anachiwotchanso, mpaka anadzatulukira mu chipatso kwa agogo ena osauka ogulitsa zakumwa m'mbali mwa msewu.

Ndiye pamene pali vuto ndi apa. Tấm atabwerera kwa mfumu, Cám anafunsa kuti akulu mukukongola chonchi bwanji, Tấm anamuuza alowe m'dzenje nkulamula kuti amuthire madzi owira. Mnofu wake anauthira mchere mu mtsuko mmene amasungira nsomba kumeneko nkutumiza kwa mayi a Cám, iwo kumadya tsiku ndi tsiku akuyamikira, khwangwala ali padenga kuwanena, mpaka anapeza chigaza cha mwana wawo pansi pa mtsuko nkufera pomwepo. Umu ndi mmene ilili mu nthano zimene anatolera Nguyễn Đổng Chi, mabuku 5, lomaliza linatuluka mu 1982, ndipo nkhaniyi inalembedwapo kale mu 1886 ndi Mfalansa wina Antony Landes. Buku la sukulu linasiya madzi owira aja koma za mtsuko linachotsa, linangoti mayiwo ataona mwana wafa nawonso anagwa nkufa.

Chimene chimawawa anthu nchoti mu nthano zina zambiri za ku Vietnam wabwino samabwezera ndi manja ake. Thạch Sanh, mnyamata wotola nkhuni uja, anakhululukira Lý Thông amene anamupusitsa mpaka kumutsekera kuphanga, koma Lý Thông akubwerera kwawo mphenzi inamuwomba pamodzi ndi mayi ake nkusanduka tizilombo togubuduza ndowe. Mu nthano ina, mkulu wadyera amene analanda chuma chonse nkusiyira mng'ono wake mtengo umodzi wa zipatso, anasoka thumba lalikulu kuposa mmene inanenera mbalame imene inamunyamula kokatenga golide, golide kulemera, anagwera m'nyanja yekha. Chilango chimachokera kumwamba kapena ku dyera la mwini wake. Tấm yekha ndi amene anadzigwirira yekha, ndiye ena amati mtsikana amene timamutcha wofatsa angachite bwanji zimenezi, tikuphunzitsa ana chani. Ena amati ayi nthano si ya munthu mmodzi, musaikonze ngati kalata.

Ine ndili mbali ya achiwiriwa, ndipo ndikunena mochokera pansi pa mtima. Taonani, Tấm atangophedwa koyamba Bụt uja saonekanso, palibenso womufunsa chomwe akulira, amalimbana yekha. Anthu amene anasunga nthanoyi anali alimi a mpunga, akazi ndi amasiye oti akalakwiridwa analibe bwalo lokadandaula, ndipo anaona kuti anthu oti akupha kangapo konse sangasiye chifukwa wawakhululukira. Mwana wa zaka 6 mutha kumufupikitsira, zoona, koma wa giredi 10 ali ndi zaka 15 kapena 16, mupatseni yonse ndi mtsuko womwe, akangane mkalasi ndi aphunzitsi ake ngati Tấm analakwa kapena ayi.