Kugona mu RV pafupi ndi Los Angeles: mafunso ndi mayankho pa malamulo a mapaki

Ku America kuli magalimoto okhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi mkati momwemo, omwe amawatcha RV. Ena amayenda okha ngati basi, ena ndi kalavani yochita kukoka. M'mapaki a magalimotowa ozungulira Los Angeles mumapezeka alendo odzaona malo, komanso anthu ogwira ntchito mumzindamo omwe lendi ya nyumba yawakanika. Lamulo la California, chigawo cha America chomwe muli Los Angeles, limasiyanitsa anthuwa powerenga masiku amene akhala pamalopo.

Kodi ndikalipira paki ya RV ndimalandira chiyani?

Mumalandira kamalo koimikapo galimoto, nthawi zambiri ka simenti kapena miyala. Pambali pake pamakhala kachipilala ka magetsi, mpopi wa madzi ndi paipi yolowa pansi yotayiramo zonyansa. Magetsi amakhala a ma amp (muyeso wa mphamvu ya magetsi) 30 kapena 50, ndipo musanalipire funsani omwe alipo, chifukwa RV yaikulu ya makina awiri oziziritsa imafuna 50. Mapaki ena amalipiritsa pa usiku, ena pa sabata kapena pa mwezi. Wolipira pa mwezi nthawi zambiri magetsi amawerengeredwa padera pa mita.

Bwanji osangoimika m'mbali mwa msewu n'kugona ulere?

Ambiri amatero, ndipo mukayenda m'madera ena a mzindawu muona ma RV akale atandandalikana, mawindo atatchingidwa ndi makatoni. Koma si moyo wosirira. Galimoto ikakhala pamalo amodzi mumsewu maola oposa 72 osasuntha, akhoza kuikoka. M'misewu yambiri mulinso zikwangwani zoletsa galimoto yotalika kuposa mafiti 22, kapena yopitirira mafiti 7 kupita mmwamba, kuima kuyambira 2 koloko usiku mpaka 6 koloko mmawa. Ndiye pali thanki ya chimbudzi. Ikadzaza mukatayira kuti? Kutsanulira m'ngalande ya madzi a mvula ndi mlandu, pakuti ngalandezo zimakathera kunyanja.

Lamulo la masiku lija likuti chiyani kwenikweni?

Dzina lake ndi Recreational Vehicle Park Occupancy Law, ndipo lili mu Civil Code, buku la malamulo a California, kuyambira gawo 799.20. Limagawa anthu patatu. Amene wakhala masiku 30 kapena ochepera ndi occupant, mlendo chabe. Akapitirira masiku 30 otsatizana amasanduka tenant, munthu wa lendi. Akafika miyezi 9 ndi resident. Mukamakwera gawo, mwini paki amavutikirapo kuti akuchotseni.

Mlendo wa masiku ochepa alibe pogwira kwenikweni. Akalephera kulipira, kapena akaphwanya malamulo olembedwa amene anampatsa tsiku lofika, amapatsidwa notisi ya maola 72. Ngati nkhani ndi ndalama, akhoza kulipira nthawiyo isanathe, nkhani n'kuthera pomwepo. Akapanda kutero, galimoto ikhoza kukokedwa apolisi akudziwa, popanda kupita kukhoti. Ganizirani munthu amene zovala, mapoto ndi pasipoti zili m'galimoto imeneyo.

Wa lendi amene wadutsa masiku 30 zimasiyana. Lendi ikachedwa masiku 5, amalandira notisi ya masiku 3 kuti alipire kapena achoke. Pa zifukwa zina zonse notisi ndi ya masiku 30. Akakana kuchoka, mwini paki ayenera kudzera kukhoti.

Wa miyezi 9 ndiye wotetezedwa koposa. Notisi yake ndi ya masiku 60, ndipo payenera kukhala chifukwa chimene lamulo lenilenilo latchula: kusalipira, kusamvera malamulo a paki, kusowetsa mtendere anzake, kupezeka wolakwa kukhoti pa milandu ina yochitikira m'pakimo, kapena paki kutsekedwa n'cholinga choti malowo agwire ntchito ina. Kungotopa naye si chifukwa.

Ndiye n'chifukwa chake mapaki ena salola munthu kukhalitsa?

Mwaiona nkhani yake. Mwini paki amadziwa kuwerenga masiku kuposa inu. Ena amakuuzani tsiku lofika kuti malire ndi masabata anayi. Ena amakulolani miyezi ingapo, kenako n'kukuuzani kuti mutuluke kaye miyezi 9 isanakwane. Ine ndimaona kuti wofuna kusandutsa RV nyumba yake funso loyamba lisakhale la mtengo. Afunse kuti: ndingakhale mpaka liti, ndipo zimenezo zalembedwa pati? Lamulo limati pangano la kukhala m'paki likhale lolembedwa, lotchula nthawi, ndalama ndi zolipira zina. Liwerengeni lonse muli pa kauntala, ngakhale kumbuyo kwanu kuli mzere.

Mapaki a boma ali ndi malire awoawo. Dockweiler RV Park, ya boma la Los Angeles County, ili pamchenga penipeni ku Playa del Rey, ndipo salola kupitirira masiku 21. Malowo ndi okongola, kungoti ali kumapeto kwa bwalo la ndege la LAX. Ndege zikamanyamuka zimadutsa pamwamba panu, mumaleka kaye kulankhula mpaka itapita.

Ndamva kuti RV yakale amaikana. N'zoona?

M'mapaki ambiri a eni ake, inde. Amati galimoto isapose zaka 10. Limeneli si lamulo la boma, ndi la paki. Ambiri akaona zithunzi kuti penti ili bwino, sikudontha mafuta, ndiponso mawindo ndi athunthu, amailola. Tumizani zithunzizo musanayambe ulendo. Agalu nawo ali ndi malamulo awo, ndipo jenereta usiku n'zosaloledwa pafupifupi kulikonse.

Laisensi yanga ndi ya ku Malawi kapena ku Zambia. Ndingayendetse?

Mlendo wa zaka 18 kapena kuposa akhoza kuyendetsa ku California ndi laisensi ya kwawo ngati sinathe. Pepala la International Driving Permit palokha si laisensi, liziyenda ndi yeniyeniyo. Mukakhazikika ku California muyenera kupeza laisensi yakomweko m'masiku 10. Laisensi wamba, Class C, imakwanira RV yosapitirira mafiti 40, omwe ndi mamita 12. Makampani obwereketsa ngati Cruise America ali ndi zofuna zawozawo pa zaka za woyendetsa. Kumbukiraninso kuti kumeneko amayenda kumanja kwa msewu, ndipo wokoka kalavani sayenera kupitirira mamailosi 55 pa ola ngakhale ena akumudutsa.

Ndisankhe paki yapafupi ndi mzinda kapena yakutali yotchipa?

Zimatengera chimene mwadzera. Los Angeles ndi mzinda womwazikana, ndipo misewu ngati 405 ndi 101 imadzaza mmawa ndi madzulo mpaka magalimoto kuyenda ngati maliro. Wodzaona malo achisangalalo a Disneyland akhale ku Anaheim kapena ku Orange, komwe kuli Orangeland RV Park. Wofuna doko ndi nyanja ali ndi Golden Shore ku Long Beach, mzinda umene sitima ya Metro A Line imaulumikiza ndi pakati pa Los Angeles. Ku Van Nuys kuli Hollywood RV Park, kwa amene zochita zawo zili ku San Fernando Valley.

RV yeniyeniyo musalowe nayo m'tauni tsiku ndi tsiku. Malo ambiri oimika magalimoto ndi a nsanjika, denga lake lalifupi, ndipo simungalowe. Isiyeni pa paki ili yolumikiza, mukwere sitima, basi kapena galimoto yaing'ono. Ofuna kudzaonera masewera a Olympics a 2028 asungitse malo nthawi ikadalipo, chifukwa mapaki apafupi ndi mzinda ndi ochepa, ndipo miyezi ya June mpaka August amadzaza ngakhale chaka wamba.