Malesitilanti amene amayi a ku America anadzitsegulira okha

Mu February 1969, amayi a bungwe lomenyera ufulu wa amayi la National Organization for Women, pamodzi ndi mtsogoleri wawo Betty Friedan, anakakhala pansi mu Oak Room, chipinda chodyera cha hotela ya Plaza ku New York nthawi ya nkhomaliro. Palibe anawapatsa chakudya, chifukwa masana chipindacho chinali cha abambo okhaokha. Bala ya McSorley's mumzinda womwewo inayamba kulola amayi mu 1970, ndipo zinachita kutengera khoti.

Ena anapitiriza kugogoda pa zitseko zotere. Dolores Alexander, amene poyamba anali mtolankhani kenako n'kukhala mkulu woyendetsa bungwe lija, anasankha kutsegula chitseko chakechake. Mu 1972, iye ndi Jill Ward anatsegula lesitilanti ya Mother Courage m'dera la Greenwich Village ku New York ndi ndalama zobwereka kwa anzawo. Abambo sankaletsedwa kulowa, kungoti zinthu zing'onozing'ono zinali zitasintha. Vinyo akabwera, amene ankayamba kulawa anali mayi. Bilu sinkaperekedwa kwa bambo ayi, inkaikidwa pakati pa tebulo, wolipira adziwike yekha. Zingaoneke ngati zamasewera, koma mayi wobwera yekha ankadya mwamtendere, popanda womuyang'ana ngati wabwera kudzasaka mwamuna.

Malo otere anachuluka. Alex Ketchum, wofufuza mbiri pa yunivesite ya McGill, anapeza malesitilanti ndi nyumba za khofi zoposa 230 za mtunduwu m'dziko la America. Ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts, Bread and Roses inatsegulidwa mu 1974. Anthu ankapitako kukadya, komanso kukamvera ndakatulo ndi nyimbo, kukachita misonkhano, n'kukawerenga zidziwitso zomatidwa pakhoma.

Chimene chinawagwetsa ambiri ndi ndalama. Lamulo loletsa mabanki kusala amayi pa ngongole linabwera mu 1974, ndipo lisanabwere banki inkatha kuuza mayi kuti abwere ndi mwamuna wake adzasainire. Komanso eni ake ankafuna zinthu zovuta kuziphatikiza: chakudya chotchipa choti aliyense akwanitse, malipiro abwino kwa antchito, ndi mipando yoti munthu n'kuchezapo madzulo onse ndi kapu imodzi ya khofi. Wa lendi samva zimenezo. Mother Courage inatsekedwa mu 1977, Bread and Roses mu 1978.

Chaka chomwe Mother Courage inkatsekedwacho, gulu la amayi, mwa iwo Selma Miriam, linatsegula Bloodroot ku Bridgeport, m'chigawo cha Connecticut, ndipo Noel Furie anadzakhala mnzake woyendetsa naye malowo kwa zaka zambiri. Nyama sankaphika. Operekera zakudya kunalibe, poti sankafuna kuti mayi azithamangira munthu ndi mbale pofuna kupatsidwa kangachepe. Wobwera kudzadya ankalipira pakhomo, n'kukatenga yekha chakudya pawindo la kukhitchini, akamaliza n'kubweza mbale zake. Pambali panali mashelefu a mabuku ogulitsa, ndipo khoma linadzaza zithunzi zakale za amayi. Ine ndimaona kuti mfundo yokana operekera zakudyayo inawathandizanso ku mbali ya thumba, chifukwa antchito owalipira anali ochepa. Bloodroot inadutsa zaka 45 ikuphikabe, ndipo Selma Miriam anamwalira mu 2025.