Kusoka mlomo si mapeto a ntchito

Ndatopa kumva makolo kuno ku Mulanje akunena kuti, "Mwanayu anamusoka kale, koma lilime lake ndi lolemera." Lilime lilibe mlandu. Ana ambiri obadwa ndi mlomo wong'ambika amakhalanso ndi mng'alu mkati, padenga la m'kamwa, ndipo mawu amawonongekera pamenepo. Mlomo umaonekera kwa aliyense, n'chifukwa chake banja lonse limathamangira umenewo. M'kamwamo sasuzumiramo munthu.

Kumapeto kwa dengali kuli mnofu wofewa umene umakwera n'kutseka njira ya kumphuno tikamayankhula. Mpweya umayenera kudutsa m'mphuno pa m, n, ny ndi ng' basi. Koma p, b, t, d, k, s, makamaka ph, th ndi kh wa m'mawu ngati phala, thumba ndi khasu, amafuna mpweya wopanikizika m'kamwa. Denga likakhala ndi mpata, mpweyawo umathawira kumphuno ngati mpira wa njinga wobooka, popa ungapope bwanji. N'chifukwa chake "bambo" amamveka ngati "mamo".

Choopsa kwambiri chimabwera pambuyo. Mwana safuna kukhala chete. Akaona kuti m'kamwa mawu sakutuluka, amayamba kuwapangira kukhosi, ndipo chizolowezi chimenechi chikakhazikika, opaleshoni yokha siyichichotsa. Mlomo timasoka mwana ali ndi miyezi 3 mpaka 6, denga la m'kamwa pakati pa miyezi 9 ndi 18, asanaphunzire kuyankhula molakwika. Miyezi imeneyi sitinangoitola.

Pali mtsikana wina wa zaka 9 wochokera cha ku Limbuli amene sachoka m'maganizo mwanga. Mlomo anamusoka ali khanda, chipsera chake chooneka bwino ndithu. Tsiku lobwereranso kuti akatseke denga silinasungidwe, poti inali nyengo yothyola tiyi ndipo mayi ake sakanasiya ganyu. Atafika zaka 4 osamveka zonena zake, agogo ake anamutengera kwa munthu wina amene anamudula pansi pa lilime ndi lezala. Anataya magazi, bala linatukusira, mawu osasintha ngakhale pang'ono. Kusukulu anzake ankamuyeserera mayankhulidwe, iye n'kusiya kukweza dzanja, mpaka aliyense n'kumamuyesa mbuli. Mwana wochenjera chonchija! Denga linatsekedwa pomalizira pake, mpweya sukuthawanso, koma "khasu" amamutchulabe ndi kukhosi. Timaphunzira naye liwu limodzilimodzi, ntchito imene sikadafunika n'komwe.

Musalole munthu aliyense kuika lezala m'kamwa mwa mwana wanu, kaya pansi pa lilime kaya pa kanyama kolendewera kukhosi. Mng'aluwu umachitika m'miyezi itatu yoyambirira ya pakati, pamene mbali ziwiri za nkhope zalephera kulumikizana. Padziko lonse zimagwera pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 700. Palibe amene analodza, ndipo mayi sanalakwe kanthu. Mphini kapena mankhwala akumwa sangatseke bowo la mnofu ndi fupa.

Makutunso ayezedwe. Mnofu wofewa wa kumapeto kwa denga uja ndi umenenso umatsegula kanjira kochoka kukhosi kupita kukhutu, choncho ana otere amakonda kusunga madzi mkati mwa khutu. Mwana amene sakumva bwino sangatchule bwino.

Yambirani kuchipatala chaching'ono cha kwanu kapena cha boma, akulembereni kalata yopita ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Gulupu kuja. Mabungwe a Operation Smile ndi Smile Train amathandiza maopaleshoni amenewa m'dziko muno popanda makolo kulipira. Ndipo musadikire kuona mlomo wong'ambika. Pali ana a milomo yabwinobwino amene mng'alu wawo unabisala pansi pa khungu la m'kamwa. Khanda likamalephera kukoka bere, mkaka n'kumatulukira m'mphuno, kapena mukaona kanyama kakukhosi kaja kali kogawanika pawiri, bwerani nalo kuchipatala sabata yomweyo.